Tsamba la Isale pa Maliro a Elisante

Achimwene anga a Elisante anatsika m'phiri la Kilimanjaro pa machira a tayala limodzi, atakutidwa ndi tenti ya kampani. Mlendo amene iwo anakamufunafuna atasochera anali atatsika kale pa helikopita, atavala jekete ya achimwenewo.

Mlendoyo dzina lake ndi Torsten. Anachoka pamsasa masana osauza munthu, ati akajambule maluwa. Chifunga chinagwa, ndipo onyamula katundu onse, kuphatikizapo achimwene, anauzidwa kuti akamusake. Achimwene ndiwo anamupeza m'chigwembe atabinya mwendo. Anamuveka jekete yawo, n'kumubereka maola anayi m'mvula. M'mawa mwake helikopita inabwera. Achimwene anali akutsokomola thovu, koma woyendetsa anafunsa pepala la inshuwalansi, ndipo pepala linali limodzi, la mlendoyo. Achimwene anamwalira tsiku lotsatira, anzawo asanu ndi atatu akuwakankha kutsetsereka.

Ine ndinali ku koleji ku Moshi, fizi yake yochokera pamsana pa achimwenewo. Ndinalongedza mabuku osatsanzika aliyense. Kunyumba ndinapeza alamu anga a Aikaeli atakhala pansi, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi atatsamira pamwendo pawo.

"Iwe ndiwe wasukulu," anatero. "Pita ukafunse kuti mwanayu amulera ndani."

Ndinayambira ku ofesi ya pachipata cha phiri. Kalaliki anandiuza mwaulemu kuti ndalama yopulumutsira anthu amapereka ndi alendo, choncho imapulumutsa alendo.

"Nanga wopulumutsayo?"

"Ameneyo ndi wa kampani, achimwene. Pepani kwambiri."

A inshuwalansi anati munthu wawo ali bwino, zikomo pofunsa. Torsten analemba pa intaneti kuti anakumana ndi mngelo m'phiri, ndipo anthu zikwi zitatu anaikapo timitima. Dzina la mngeloyo analiphonya zilembo ziwiri.

Anatsala a Lyimo, eni kampani, munthu wa kwathu konkuno ku Mamba, amene phirili amalionera pawindo la galimoto. Masiku atatu ndinakhala pabenchi la ku ofesi kwawo. Tsiku lililonse anali atangotuluka kumene.

Anatulukira pamaliro. Bokosi lili pakhonde, anthu adzaza mpaka m'nthochi, iwo anatsika m'galimoto n'kupita kumpanda wathu womwe. Anathyola tsamba la isale, chitsamba cha m'mipanda ya kwathu, analimanga mfundo, nagwada pamaso pa amayi. Kwathu munthu akakupatsa tsamba limeneli, chimene wapempha sukana, ngakhale atakuphera ng'ombe.

"Mayi, mundikhululukire. Phiri ndi la Mulungu. Nkhaniyi ithere pano."

Amayi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analilandira ndi manja awiri, monga anaphunzitsidwira.

"Ngakhale tsambalo akanabwera nalo lakwawo," ananong'ona a Ndesario, mmodzi wa anthu asanu ndi atatu aja.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira liti. Ndinangozindikira ndili pampanda, ndikumanga mfundo patsamba langa. Ndinagwada pamaso pa a Lyimo, matope a pamawondo awo asanaume n'komwe.

"Bambo, nanenso ndili ndi pempho."

Anayang'ana abusa, anayang'ana akuluakulu. Palibe anawathandiza. Analandira tsambalo ndi nsonga za zala, dzanja lina litagwira thumba la jekete momwe mumakhala chikwama.

"Nena, mwanawe."

"Munyamule nawo bokosi. Kutsogolo, kumene kuli mutu."

Manda athu ali kumtunda kwa munda, kuseri kwa khola. Si patali, koma mvula inali itagwa. Anzake a achimwene anawapatsa malo mosanyinyirika, ndipo ndikukhulupirira kuti a Ndesario anafewetsako phewa lawo dala. A Lyimo anaterereka kawiri. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Pofika pakhola anali akupuma ngati mvukuto.

"Pang'onopang'ono, bwana," anatero a Ndesario, ndi mawu omwe amanyengererera alendo. "Mukuchita bwino. Pamwamba payandikira."

Anthu ena anabisa nkhope m'nsalu, ndipo sikunali kulira. Inenso ndinamwetulira koyamba chichokereni ku Moshi.

Titakwirira, a Lyimo anasamba m'manja, anamwa chipanda cha mowa wa nthochi, anagwira aliyense chanza. Ankaoneka opepukidwa ngati munthu amene wagula mbuzi pamtengo wa nkhuku. Galimoto inapita.

Alamu anandipeza kuseri kwa nyumba ndikupala matope kunsapato za achimwene, zimene tsopano ndi zanga. Anakhala pambali panga, mwana ali kumbuyo kwawo.

"Wawanyamulitsa," anatero.

"Eya."

"Achimwene ako akanaseka mpaka kugwa." Anapukuta mphuno ya mwanayo ndi nsonga ya chitenje. "Tsamba linali limodzi, Ombeni. Dzanja la a Lyimo linali kale pathumba la chikwama."

Ndinapitiriza kupala. Lolemba ndinapita kuchipata cha phiri kukalembetsa dzina ngati wonyamula katundu, ndipo anandiyezera katundu wa makilo makumi awiri.