Fungo la m'khitchini ya a Millicent

Alefa anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba ya a Millicent ku Namiwawa osanenedwapo za uve. Koma chimangireni khonde latsopano kuseri kwa nyumbayo, m'khitchini munayamba kumveka fungo ngati la ngalande. Akangotaya madzi otsukira mbale, sinki inkalira kuti gudugudu, kenako fungo lija n'kudzaza chipinda chonse.

"Alefa, mukumataya zotsala mu sinkimu inu," anatero a Millicent tsiku lina, amayi a kumpingo atangotsanzika. "Alendo anga amachita kugwira pamphuno. Ngati ntchito yakukulirani, nenani."

Alefa anakwecha sinkiyo mpaka zala kusupuka. Anathiramo madzi owira, mandimu, ngakhale phulusa lomwe anachita kubwera nalo m'jumbo kuchokera kwawo ku Chigumula. Fungo osatha. Mu minibasi pobwerera ankanunkhiza manja ake mobisa, kuopa kuti mwina lamukakamira.

Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, anadandaulira a Vitalis, pulambala wachikulire amene ankaimba naye kwaya.

"Mukuti imalira?" anafunsa a Vitalis. "Auzeni abwana anu kuti ndibwera mawa."

A Millicent anavomera monyinyirika. A Vitalis atafika anagwada pansi pa sinki, n'kutchera ndowa, n'kumasula kapaipi kopindika kamene kamakhala pamenepo. Alefa anasuzumira m'ndowamo. Nanga mukapezeka mafupa a nsomba?

Munangotuluka timadzi tosadzaza ndi supuni yomwe.

"Taonani, mayi," anatero a Vitalis, akukweza kapaipiko kuti a Millicent asuzumire. "Mwayera ngati m'kapu. Kupindikaku n'koti muzikhala madzi nthawi zonse, ndipo madziwo ndi amene amatsekereza fungo lochokera kudzenje la zonyansa. Koma pano akukokedwa onse. Paipi yopumira ili kuti?"

Palibe ankaidziwa. Anatuluka onse atatu kukayang'ana kuseri. A Vitalis anakwera makwerero, n'kupapasa pansi pa malata a khonde latsopano lija, kenako anaseka chapansipansi. Amisiri omanga khondelo anali atadula paipiyo poona kuti ikuwatchinga, n'kuitseka ndi pepala la simenti.

"Mpweya ukasowa polowera, madzi otsika amayamwa aja a m'kapaipi," anatero akusolola pepalalo. "Mayi awa akanakwecha mpaka Khirisimasi, fungo silikanatha."

Analumikiza paipi ina, n'kuitulutsa pamwamba pa denga, n'kubwezeretsa kapaipi kopindika kaja. Ntchito yonse sinafike ndi masana omwe. Anauza Alefa kuti adzaze sinki n'kutulula. Madzi anatsika mwakachetechete.

A Millicent anaima pakhomo la khitchini kwa kanthawi, akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Alefa," anatero osamuyang'ana kumaso, "ndinalankhula mopupuluma. Mundikhululukire."

Alefa anali atakonza mawu ambiri m'masabata onsewo, oti adzanene tsiku lomuchotsa ntchito. Onse anamuthawa. Anangoti, "Ndamva, mayi."

Anawerama kuti anyamule ndowa ija, momwe a Vitalis anali atatsukiramo zipangizo zawo, koma a Millicent anamugwira pamkono.

"Takhalani kaye pampandopo."

Anainyamula okha, madzi akuda akuwagavikira pa siketi ya ku ofesi, n'kukataya kuseri.