Chithunzi Choika Pabokosi

Wosindikiza anaimbanso foni mng'ono wa malemu akadali chogwada m'chipinda cha mkulu wake, madilowa onse atawakhuthulira pabedi. Wosindikizayo ankafuna chithunzi chimodzi chokha, choika pa pulogalamu ya maliro ndi pabokosi, ndipo ananenetsa kuti chikapanda kufika masana asadzamudandaule.

Zithunzi zinalipo mulu. Zikwangwani za sopo, za banki, za mafuta ophikira, zina zojambulidwa dzuwa likuswa mtengo, zina mvula ikugwa. Malemu anali mkulu woyang'anira zoulutsa pa kampani yotsatsa malonda. Ndiye ankasankha kuti uthenga uwu umveke pa wailesi iti, nthawi yanji, nkhope iyi ikwezedwe pamphambano iti. Anadzaza tauni ndi nkhope za eni ake, koma yake sinkapezeka pena paliponse.

Amalume anasuzumira pakhomo n'kunena kuti munthu wa makamera ngati ameneyu sangasowe chithunzi, vuto ndi kufufuza mwaulesi. Amalume omwewa zaka zonsezi ankauza anthu kuti mphwawo amawerenga nkhani pa wailesi.

Alamu ake, mwamuna wa malemu, anabweretsa chithunzi cha ukwati. Amayi anachikana, ati nkhope yabisika m'velo. Cha pa chiphaso amalume anachikankhira kumbali, ati akuoneka ngati wangotuluka kundende.

Mkangano uli mkati, anafika abwana a ku kampani ndi antchito angapo, atanyamula maluwa. Atapepesa, abwanawo ananena kuti kampani yaganiza zolemekeza malemu pa chikwangwani chachikulu cha pamsewu waukulu, chizindikiro cha kampani chili mmunsi. Amalume anawala nkhope. Chimene chinkafunika, anatero abwanawo, ndi chithunzi chooneka bwino basi.

Mng'onoyo anatembenukira kwa abwanawo.

"Mukuchipempha kwa ife?" anafunsa. "Achemwali ankakhala kwanuko kuposa pakhomo pano. Mafoni anu ankayankha ali gone m'chipatala, botolo la madzi lili pamkono. Inuyo mulibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe?"

Amalume anamudzudzula kuti alendo salankhulidwa choncho pamaliro. Antchito aja anatulutsa mafoni n'kuyamba kufufuza mwakachetechete. Zithunzi za maphwando a ku ofesi zinalipo, za tsiku lolandira mphoto zinalipo, aliyense akumwetulira. Malemu munalibe. Mmodzi ananena motsitsa mawu kuti nthawi zonse malemuwo ndiwo ankagwira kamera.

Kenako mayi wina, amene ankayenda ndi malemu koyendera zikwangwani, anapeza kavidiyo kakafupi. Onse anaunjirira foniyo. Munali phokoso la magalimoto, fumbi, ndipo mwadzidzidzi nkhope ya malemu inadzaza galasi, thukuta lili pamphumi, akuseka.

Mng'onoyo anaimitsa vidiyo pomwepo. Nkhope inatuluka yachimbuuzi. Anabwezera, n'kuimitsanso, ikadali yachimbuuzi, chifukwa malemu sanaime malo amodzi. Anayesa mobwerezabwereza. Pamapeto pake anasankha pamene maso ankaonekako pang'ono n'kutumiza kwa wosindikiza. Abwana anavomereza kuti pa chikwangwani chachikulu chithunzi chotere sichingatheke, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Amalume anatuluka akung'ung'udza.

Amayi, ali pampando, anatambasula dzanja.

"Wangokhalira kumuimitsa mwana wanga," anatero. "Tamusiya ayende."

Mng'onoyo anakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo n'kuisiya vidiyoyo. Malemu anaseka, anapukuta thukuta, kenako dzanja lawo linabwera n'kugwira foni, kuitembenuzira kutsidya kwa msewu. Kumeneko kunali anthu odikira basi, amayi obereka ana, bambo wa njinga, ena atakweza maso kuyang'ana chikwangwani.

"Usajambule ine," anamveka mawu a malemu chapambali. "Jambula awo, tione ngati akuwerenga."