Kabowo ka Pampando Wakumbuyo

Gideon Geresomo, kalaliki wa pa boma la Nsanje, adagula kagalimoto kake chaka chimene anthu ankagona pamizere ya mafuta. Kanali kaja koyendera petulo ndi batire, koduka kumbuyo, konyamuka mwakachetechete ngati mphaka. Kuyambira tsiku limenelo Gideon adasanduka katswiri. Munthu wokulira pa kabaza tsopano ankaphunzitsa madalaivala a minibasi za haibulidi, mtundu wa galimoto yakeyo, uku akuwamvera chisoni poyera.

"Ine mafuta ndimangokanunkhiza basi," ankatero.

Zimene zinkamusowetsa mtendere ndi fumbi ndi achibale. Kuchigwa kuno ukagula galimoto wagulira mtundu wonse: uyu akwera ndi thumba la milamba youma, uyo ndi mwana wodya mango. Tsiku lina akupukuta mpando wakumbuyo, Gideon adaona kabowo ka timipata m'mbali mwake. Adapukusa mutu. Anthu anzeru zopanga galimoto, koma kusiyira makoswe khomo. Adatsekapo ndi sanza, n'kuuza mkazi wake Filomena, yemwe ndi telala, kuti asoke zovindikira mipando zochindikala, siponji mkati, pulasitiki pamwamba. Filomena adasoka ndi mtima wonse, osasiya mpata ngakhale wolowa nyerere.

Tsoka lake, pakabowo paja ndi pamene batire lalikulu limapumira, ndipo dzuwa la Okutobala ku Nsanje silicheza ndi munthu. Kanyali kofiira kadayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Gideon adakayang'ana mlungu wathunthu, kenaka adamatapo sitika ya vesi kuti kasamamusokoneze poyendetsa. Kagalimoto kadayamba ulesi, n'kumamwa petulo ngati kali ndi ludzu la chaka.

Kadafera pafupi ndi msika wa Bangula, tsiku limene adanyamula mlamu wake Edmund, mchimwene wa Filomena, wogulitsa nsomba. Edmund ndi munthu wa pakamwa. M'mawa womwewo pokwera adali ataseka kuti, "Alamu, galimoto yosalira ngati iyi imafa yosatsanzika."

Amakanika a pa Bangula adakalandira ngati nyama yogwa yokha. Woyamba adasintha mapulagi. Wachiwiri adati vuto ndi pampu ya mafuta, n'kuisintha. Wachitatu adakhalira kufunafuna sitata kuti aimenye ndi sipanala, ndipo ataisowa adati galimotoyo idabwera yopereŵera, koma ndalama ya thukuta lake adalandira. Mapeto ake Gideon adaitanitsa makanika wa ku Blantyre, wa kompyuta. Uyu sadachedwe. Adang'amba chovindikira cha Filomena, n'kusolola sanza zija.

"Batire lapsa, fani yapsanso. Adatseka apa ndani?"

Gideon adayang'ana uku ndi uku. Panalibe womudziŵa. "Ndidakagula kali choncho," adayankha.

Mtengo wa batire utatchulidwa, Gideon adakhala pansi pafumbi, thalauza la ku ofesi lili m'thupi. Ng'ombe analibe, malipiro anali atatha kale kwa amakanika atatu aja. Chidatsala ndi dimba la m'mbali mwa Shire limene adamusiyira malemu mayi ake, lomwe linkawadyetsa chimanga ndi mbatata chaka cha chilala. Adaligulitsa, ndipo mtima udamuwawa kwambiri.

Koma kunyumba katswiri akanati chiyani? Kuti galimoto adaipha yekha ndi sanza? Filomena atamufunsa, Gideon adatsitsa mawu.

"Ngakhale kompyuta yadabwa. Akuti izi si za fakitale, ndi za anthu. Iwe ukumbuke zimene adanena achimwene ako m'mawa uja."

Bodza lidagwira msanga kuposa injini. Filomena adalira dimba, adaliranso mchimwene wake. Edmund adabwera kuchokera kwawo ku Ndamera kudzalumbira kuti kunali kucheza chabe, koma adabwezedwa pakhomo, nsomba zake zili m'manja. Gideon zidamukhudza ndithu, komabe ku ofesi ulemu wake udakwera: munthu sachitiridwa kaduka popanda kanthu.

Kagalimoto kadabwerako kali bwinobwino, kabowo kali pululu monga adalamulira makanika. Loŵeruka masana Gideon adatuluka m'nyumba n'kupeza zitseko zakumbuyo zili zotsekula. Filomena adali atagwada mkatimo, thukuta lili kamukamu, akuveka mpando chovindikira chatsopano, chochindikala kuposa choyamba. Pakabowo paja adali atapindapo kaŵiri.

"Abambo a Miracle, bwerani muone," adatero mkaziyo monyadira. "Amayi a kumpingo aipempherera nsaluyi. Muja mudati apa ndi khomo la makoswe? Ulendo uno sipaloŵa kanthu, kaya khoswe kaya za anthu. Dimba lina tilibe."

Gideon adaima padzuŵa. Mawu anali pafupi, ochepa chabe. Koma kuwatulutsa kunali kuuza mkaziyu kuti dimba adalidya ndi iye, ndipo mchimwene wake adamuthamangitsira chabe. Kunalinso kukwera kabaza mpaka ku Ndamera kukagwada pamaso pa wogulitsa nsomba.

"Sizili bwino kodi? Si pyadidi?" adafunsa Filomena.

"Ndi pyadidi," adatero Gideon.

"Ndiye tandigwirirani apa ndimalize."

Gideon adaŵerama, n'kukanikiza nsalu pakabowo ndi chala chake, mkazi wake akusoka.