Nsalu Yakuda pa Mkono wa Goloboyi

Chaka cha 1934 timu yathu ya Lucero inayamba ligi monga inkayambira chaka chilichonse: kugonja pakhomo, kugonja koyenda, kenako kunyoza woyimbira. Mwamuna wanga Casildo ndiye anali goloboyi. Mkati mwa sabata ankapala zikopa ku fakitale ya m'mbali mwa mtsinje wa Pantanoso, Lamulungu n'kukaima pagolo kuti anthu a m'dera lathu apeze womutukwana. Nyumba yathu inali kuseri kwa bwalo, moti sindinkafunika kupita kukaonera. Masewero onse ndinkawamvera pochapira, ndipo ndinkadziwa kuti tachinyidwa ndikamva apongozi anga akutchulidwa.

Mu Meyi mwana wathu Zulema anadwala pakhosi. Anali ndi zaka zinayi, ndipo anali yekhayo. Tinamuika m'manda Lachisanu. Loweruka ndinasoka kansalu kakuda pamkono wamanzere wa malaya onse a Casildo, monga amachitira aliyense woferedwa, ndipo nditafika pa juzi yake ya mpira ndinangosokanso, poti singano inali kale m'manja. Lamulungu anakasewera. Timu inalibe goloboyi wina, ndipo palibe amene anaganiza zomufunsa ngati angathe. Anapambana chimodzi kwa duu.

Sabata yotsatira anapambananso, koyenda. Kenako anafanana mphamvu ndi timu imene inkatimwetsa zigoli zisanu chaka ndi chaka.

Anthu a kwathu pa nkhani ya mpira simungawauze kanthu. Timu ikapambana, pasasinthe chilichonse: amene anadya nyemba tsiku limenelo azidya nyemba Lamulungu lililonse, amene anakhala pa thabwa la pakona asasunthe. Don Primitivo, mwini shopu ya buledi amenenso anali wapampando wa timu, anakana kuchapitsa malaya omwe anavala tsiku lopambana koyamba lija, mpaka ogula buledi anayamba kuimira panja. Choncho sizinatenge nthawi kuti wina azindikire kuti Lucero sinagonjepo chivalireni goloboyi wake nsalu yakuda.

Kwathu amati mwana akamwalira amasanduka kamngelo. Ndiye nkhani inamveka kuti Zulema amaima kumbuyo kwa bambo ake n'kumakankhira mpira kunja. Osewera anzake anayamba kumakhudza kansalu kaja asanalowe m'bwalo, mmodzimmodzi, ngati madzi odalitsidwa a pakhomo la tchalitchi. Kenako ochemerera anapeka nyimbo. Sinali nyimbo kwenikweni, linali dzina lokha, loduladula katatu, manja n'kumawomba katatunso: Zu, le, ma.

Tsiku loyamba kuimva ndinali ndikuyanika zovala. Ndinatembenuka kuyang'ana kuchipata, poganiza kuti mwanayo wathawiranso kumsewu ndipo anthu akumuitana. Kenako ndinapitiriza kuyanika. Sindinalire. Miyezi imeneyo m'kati mwanga munalibe kanthu. Ndinkadzuka, kusesa, kuphika, kudya zimene ndaphikazo osamva ngati muli mchere.

Zoona zake za Casildo ndinkazidziwa ine. Sikuti anasanduka katswiri ayi. Kale womwetsa zigoli akamamuthamangira, ankatsinzina n'kuteteza nkhope, chifukwa anali ndi mwana woti akamuone madzulo. Tsopano ankangoponya mutu wake pansi pa nsapato za anthu. Ankabwera kunyumba mlomo utang'ambika, n'kukhala pampando ndi chikho chake cha tiyi wowawa wa kwathu, amene timamutcha mate, mpaka madzi kuzizira.

"Ukumva zimene akuimba kubwaloko?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ndimamva."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani, Herminia? Ndizungulire bwalo lonse ndikutseka anthu pakamwa?"

"Ndi dzina la mwana wathu."

"Ndikudziwa dzina la mwana wathu," anatero, n'kuthira madzi ena m'chikho.

Kuzizira kutatha, Lucero inali pa nambala yachiwiri, ndipo amuna amene sanalowepo m'tchalitchi chibatizidwireni ankavula zipewa podutsa pakhomo pathu. M'mawa wina Don Primitivo anafika atakwapatira buledi wamkulu. Fungo la malaya aja ndinalimva asanagogode.

"Doña Herminia, tabwera ndi kapempho kakang'ono," anatero. "Kansapato kamodzi ka kamngelo kathu. Kamodzi kokha. Tikakwirire pansi pa mtengo wa golo, kuti ngakhale Casildo atadwala, golo likhale ndi mlonda."

"Kamngelo ka ndani?"

"Kathu tonse, mayi. Dera lonse limamukonda mwana ameneyu."

"Ali moyo munkamuthamangitsa pashopu panu, mumvekere akukudetserani galasi ndi mphuno."

Anaseka ngati ndanena nthabwala, n'kundiuza kuti ndiganize bwino. Nsapato sindinapereke. Buledi ndinalandira, poti iye analibe mlandu.

Atachoka m'pamene ndinadziwa chimene ndinkafuna, ndipo chinali chimodzi chokha. Ndinkafuna mwana wanga abwerere kwa ine. Sindikunena za kumanda, sindinali wamisala. Ndinkafuna kuti dzina lake lichoke m'kamwa mwa anthu oledzera, likhale la m'nyumba mwathu, kuti mwina tsiku lina ndidzathe kumulira ngati mwana osati ngati chithumwa cha timu.

Kwathu zakuda za maliro a mwana zimavalidwa theka la chaka, kenako n'kuvula. Nthawi imeneyo inakwana mu Novembala, ligi itatsala ndi masewero amodzi. Tinali oti tikumane ndi anyamata a kudoko pabwalo lathu, ndipo kungofanana nawo mphamvu kunali kokwanira kuti Lucero ikwere kupita mu ligi yaikulu, kumene inali isanapondeko.

Doña Asunta, mayi wachikulire woyandikana nafe, anandipeza ndikutungula ulusi wa tinsalu takuda tija pa malaya a Casildo. Anaima pampanda n'kumandiyang'ana.

"Ya mpira ija usakhudze, mwanawe."

"Nthawi yakwana, Doña Asunta."

"Sabata imodzi yokha. Womwalirayo akuthamangira kuti? Mdzukulu wanga amasewera kumapiko, ukudziwa. Usadye mfulumira."

Mayi ameneyu ndi amene anasambitsa thupi la Zulema. Ndinapitiriza kutungula ulusi.

Loweruka masana malaya onse anali atatha, kutatsala juzi ija. Casildo anali ataiika pamiyendo pake, manja onse awiri ali pamwamba pake.

"Ukachotsa ife n'kugonja, adzati ndiwe," anatero.

"Anene."

"Nanga n'kungovala mawa lokha?"

"Mukapambana nayo mawa, udzavala mpaka ukalambe. Ligi yaikulu ili ndi ma Lamulungu ambiri, Casildo. Chaka chino akufuna nsapato. Chaka chamawa adzapempha fosholo yokafukulira manda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda. Kenako anandipatsa juziyo. Pamene panali kansalupo panatsala mzere wooneka watsopano, chifukwa kwina konse dzuwa linali litasuwitsa.

Lamulungu bwalo linadzaza mpaka ena anakwera padenga la chimbudzi chathu. Ine ndinatulutsa beseni ngakhale ndinalibe zochapa zambiri. Matimu asanalowe, nyimbo ija inali itayamba kale, yamphamvu kuposa masiku onse, mpaka madzi a m'beseni ankanjenjemera. Kenako inayamba kuzima. Inayamba kutha mbali ya pafupi ndi golo, kumene ankauona bwino mkono wa Casildo wopanda kansalu kaja, n'kumapita ikutha kuzungulira bwalo. Woyimbira asanalize wenzulo, kunali zii.

Tinagonja ziwiri kwa duu. Choyamba chinali cha penate, chachiwiri mpira unagunda bondo la wotchinga kumbuyo wathu yemwe n'kulowa. Goloboyi aliyense akanachinyidwa zigoli zimenezo, kaya ali ndi mngelo kaya alibe. Anyamata a kudoko anakwera, ife tinatsala pomwe tinali. Anthu a padenga aja anatsika mwakachetechete, wina mpaka anandipepesa chifukwa chothyola lata.

Ndinkayembekeza mwala pawindo, kapena mawu kumsika. Sizinachitike. Don Primitivo anachapitsa malaya ake n'kumandigulitsa buledi ngati kale. Doña Asunta ankandipatsabe moni pampanda. Kungoti kuyambira tsiku limenelo dzina la Zulema linasanduka la tsoka, ndipo kwathu chinthu cha tsoka sichitchulidwa. Amuna anasiya kuvula zipewa. Ana akayamba kuwomba m'manja katatu posewera mumsewu, amayi awo ankawakokera m'nyumba. Casildo nayenso sankalitchula. Anabwerera ku zikopa zake, ndipo pa masewero opimana mphamvu a m'chilimwe ndinamvanso apongozi anga akutchulidwa, n'kudziwa kuti wayambiranso kutsinzina.

Zimene ndinapempha ndinapatsidwa. Ndinadikira kuti misozi ibwere, popeza mwana tsopano anali wanga ndekha. Ndinkakhala pa bedi lake masana nyumba ili phee, n'kumadikira ngati munthu wodikira madzi pa mpopi wouma.

Mu Januwale m'nyumba ya kutsidya kwa msewu munalowa banja lachilendo lochokera kumidzi ya kumpoto. Mkaziyo, mtsikana woyembekezera wosadziwa kanthu za Lucero, anabwera kudzabwereka chingwe choyanikira. Anayang'ana zovala zathu pachingwe, zonse za akuluakulu.

"Ana mulibe, mayi?"

"Ndinali naye mmodzi. Anamwalira chaka chatha."

"Pepani. Dzina lake anali ndani?"

Panali patapita nthawi ndisanalitchule pakamwa. Ndinatsegula kukamwa kuti ndilinene monga ndinkalinenera pomuitana kuti adzadye, koma linatuluka loduka katatu, lokwera kumapeto, monga mwa kubwalo. Ndinamva zikhatho zanga zikufuna kukumana, ndipo ndinazipanikiza pa epuloni.

Mtsikanayo anati ndi dzina lokongola, n'kutenga chingwe chake kumapita. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinayesanso ndili ndekha, motsitsa mawu, kenako ndinayesanso, ndipo linkatuluka chimodzimodzi.