Mkamwini Pamaso pa Apongozi

"Pokodza pali vuto?"

"Ayi."

"Kuwawa? Kuchedwa kutuluka?"

"Palibe, adokotala."

Wofunsayo anali a Duncan Sunganani, dokotala wachinyamata wa pa chipatala china chaching'ono m'boma la Kasungu. Woyankhayo anali a Aloysius Mphepo, mlimi wa fodya wa ku Simlemba, maso ali pawindo. Pakona, atatembenukira kukhoma, panali mayi Dorika, apongozi awo.

Chimene chinawakumanitsa m'chipinda chimodzi chinali feteleza. Makuponi anali atatuluka sabata imeneyo, ndipo Feliya, mkazi wa a Mphepo, anali pamzere wogula feteleza wotsika mtengo, mzere woti ukachokapo malo ako apita. Chipatala chimafuna wodikirira wodwala. Motero anthu awiri amene akakumana panjira wina amapatukira m'munda, anakwera matola imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Lamulo la chipatalacho limati wodikirira amve zonse. Mwambo wa kumudzi umati mkamwini satchula za kumunsi kwa mchombo apongozi akumva. Zonse ziwiri zinatsatidwa bwino lomwe.

Poyeza wodwala, adokotala anakoka katani. Katani imabisa thupi, koma mawu amadutsa. Chotupa chinali m'mphechepeche mwa kumanja, chachikulu ngati papaya, chomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga kuti mwini wake azithabe kunyamula mabelo.

"Matumbo atsikira pachiboo, bambo. Tiwabwezera, tisoka. Nanga chipsera cha m'nthiti mwa kumanzerechi?"

"Ngolo, adokotala. Kalekale."

Zinali zoona ndithu. Makina ounikira m'mimba anali atafa, ndipo adokotala sanawadandaule. Zotupa zotere amazisoka sabata ndi sabata, makamaka mvula ikamayandikira.

M'mawa mwake adokotala anang'amba. Matumbo anabwerera mosavuta. Koma kuseri kwa kathumba ka chotupacho kunali kanthu koyera, kowonda ngati chingwe chosokera fodya. Kanatsika kuchokera m'mimba, n'kupinda, n'kubwereranso komweko.

"Kameneko n'kachiyani?" anafunsa a Maureen, namwino wothandiza pa opaleshoniyo.

"Mnofu wouma. Mphira ija yawasiyira zipsera mpaka mkati."

Kanali kulepheretsa kutseka chiboo. Adokotala anakamanga uku ndi uku, n'kudula. Panatuluka kadontho ka madzi oyera, ndipo thonje linapukuta.

Ku wodi, a Mphepo anaikidwa kapaipi ka mkodzo, thumba lake n'kulendewera pansi pa bedi. Poyamba munalowa mkodzo pang'ono. Kenako zii. A Maureen anasintha diripi, anasinthanso kapaipi. Mayi Dorika amabweretsa phala, kuliika pakabati, n'kukakhala moyang'ana kwina. Akanatembenuka akanaona kuti zikope za akamwini awo zayamba kutupa.

Feliya anafika masana a tsiku linalo, chitenje chili mbuu ndi fumbi, mitambo itada bii mbali ya ku Kapelula.

"Bambo a Yankho, ndagula! Mvula ibwere, itipeza tili tcheru. Amayi, kapumeni panja, mwavutika."

Mayi Dorika anatuluka mofulumira ngati mwana woweruka kusukulu. A Mphepo anapuma mozama.

"Mayi a Yankho, anthuwa achotsa chotupa, koma mkodzo watsekeratu."

"Mwayesa kukankha?"

"Ndikankhe chiyani? Palibenso."

Adokotala anali kuona wodwala wa pa bedi loyandikana ndi la a Mphepo. Anatembenuka.

"Kukankha kotani, mayi?"

"Sanakuuzeni? Chotupacho chikatsika, mkodzo umasowa tsiku lonse, msana n'kumawawa. Akachikankhira mkati n'kugona chagada, pakapita kanthawi umabwera wambiri. Ku chigafa anzawo mpaka amawaseka kuti amakagona ntchito ili mkati."

"Bambo, ndinakufunsani ine."

"Munandifunsa, adokotala. Koma apongozi anali pomwepo."

M'mutu mwa adokotala munabwera chithunzi cha ku koleji, chimene aphunzitsi anangochionetsa modutsa ponena kuti ambiri mudzapuma pantchito musanachione. Impso iliyonse imatumiza mkodzo ku chikhodzodzo kudzera m'kamtsempha kamodzi koyera. Mwa apo ndi apo kamtsemphako kamatsikira limodzi ndi chotupa, n'kupindika, mkodzo n'kutsekeka mpaka wina akawongole.

"Komabe," anatero motsitsa, ngati akudziuza okha, "impso ya kumanzere ikanayenera kumagwira ntchito."

Feliya anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuganiza kuti akumuyesa.

"Ya kumanzere itinso? Ija anaichotsa ku Lilongwe chaka chomwe ngolo inawaponda? Chipsera chonsechi simunachione? Amuna anga ali ndi impso imodzi, adokotala. Ya mbali yomwe mwang'ambayo."

Kunja kunagunda bingu. Feliya sanayang'ane kumitambo. Anagwada, n'kunyamula thumba lopanda kanthu lija, kulitembenuza uku ndi uku ngati pena labowoka. Pakhomo, mayi Dorika anali ataima chammbali, akudikira kuti awauze ngati angalowe.

A Maureen anaika mbale ya mankhwala pakabati. Sanatsitse mawu.

"Adokotala, kaja munadula dzulo n'kachiyani?"