Aga wa a Hilário

"Titumize lero, amayi. Akuti likadutsa Lachisanu mwayi watha."

Geraldo anaima pakhomo, foni ndi chikalata cha munda zili m'manja. Panali patatha masiku anayi chiikireni bambo ake, a Hilário, amene anaphunzitsa Chipwitikizi ku Ntengo-Wambalame zaka makumi atatu. Pafonipo panali imelo imene inkati yachokera ku ofesi ya aphunzitsi opuma. Inkafuna bilyeti ya malemu, chiphaso chawo cha boma, ndi chikalata cha munda wa kachewere, ati kuti amasiye alandire chipukutamisozi.

Mlongo wake Zélia, namwino wa ku Furancungo, anaseka pang'ono. "Achimwene, munda ukapita tizidzalima pafoni yanuyo?"

"Ndi boma ili, iwe. Taona chidindo."

Mayi awo, a Jacinta, anasiya kusankha nyemba. "Tandionetsani dzina la bambo anu."

Sukulu sanapite nayo patali, koma dzina limenelo ankalidziwa. Anayandikiza foni kumaso.

"Aga, chilembo cha H chija, ali kuti? Apa alemba Ilário."

"Aga samveka, amayi," anatero Geraldo.

"Samveka, koma amakhalapo. Bambo anu anayamba kundiuza zimenezo tili pachibwenzi. Boma lawalembera makalata zaka zonsezi, lero liiwale chilembo choyamba?"

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi katoni. Munali maimelo asanu ndi awiri osindikizidwa papepala: lina lolonjeza mphoto, lina ntchito ku Tete. Lililonse linali lokonzedwa ndi kaneta ya inki yofiira ngati la mwana wasukulu, ndipo pansi pake panali chidindo cha apolisi.

"Ankakwera shapa, minibasi ija, okha kukawapereka kupolisi," anatero a Jacinta. "Ndikati ingofufutani, ankati mawa bodza lomweli lifika kwa munthu wosadziwa kuwerenga."

Geraldo anatola pepala limodzi. Pakona bambo ake analemba kuti: ziro, bodza ndi galamala yomwe. Anaseka mpaka misozi, kenaka anasunga chikalata cha munda chija m'katoni muja.

M'mawa mwake Zélia anakasindikiza imeloyo kumsika. Shapa yopita ku Tsangano itaima, Geraldo anaitana mayi ake kuti afulumire.

"Adikire."

A Jacinta anayala pepalalo pabondo, anavundukula kaneta ya amuna awo, n'kulemba H pang'onopang'ono kutsogolo kwa dzina, mizere iwiri yoima ndi umodzi wopingasa.

"Tiyeni tsopano. Apolisi asanene kuti kwa a Hilário kwachoka pepala losakonza."