Chitini cha Ndalama Zosagula Kanthu

Ine Rukiya ndinalirapo maliro abodza, ndipo sindichita nazo manyazi. Mu 1974 achimwene anga a Abdulhamid anakana kugula khadi la chipani pamsika wa pa Benga, anakankhana ndi anyamata achipani, n'kuthawa. Zaka zinayi zinadutsa kuli zii. Abale anati basi, munthuyo anamira panyanja, timuchitire sadaka.

Kutatsala mlungu umodzi kuti sadakayo ichitike, dalaivala wina wochokera ku Tanzania anandipatsa kaphukusi ka zonunkhiritsa tiyi. M'kati ndinapezamo ndalama yachitsulo yachilendo, yojambulidwa ngalawa ndi nsomba. M'mbali mwake munali mizere itatu yocheka ndi tupa, chizindikiro chomwe achimwene ankaika pankhafi zawo. Apo ndinadziwa kuti ali moyo! Koma ndikanauza yani? Masiku amenewo kudziwana ndi munthu wothawa boma kunali kudziitanira unyolo. Ndinatseka pakamwa, pasadakapo n'kulira kuposa onse. Tahiru, mwana wa amayi aang'ono, anadya mbale ziwiri za mpunga, kenako n'kutenga dimba la achimwene la ku Chia.

Ndalama zotere zinkabwerabe, mwina patatha chaka, mwina zitatu. Ndinkazibisa m'chitini pansi pa mpunga wa mbewu.

Mu 1995, mavoti a matipate atatha, anthu othawa atayamba kubwerera, panatsika m'basi mkulu wina woonda, wa imvi, diso limodzi lakufa. Chichewa chake chinali chitapindika ngati cha mlendo. Ine ndinamuzindikira ndi kayendedwe kuti ndi achimwene. Koma Tahiru anakana kwamtuwagalu.

"Achemwali, musapusitsidwe. Akuba achuluka ndi matipate ano. Wathu tinamuchitira sadaka, uyu akungofuna dimba!"

Ha, ndinapsa mtima! Munthu kuvutika zaka makumi awiri kunja, kudzafika kwawo n'kukhalanso mlendo? Akanakanidwa, sakanakhala ndi polima, ngakhale manda pambali pa malemu amayi athu.

Lachisanu, swala ya kumzikiti itatha, abale tinasonkhana pakhonde la a Shehe Yahaya, amene ankaweruza nkhani za m'banja lathu. Ndinaika chitini changa pamkeka, chotseka.

"A Shehe, m'chitinimu simunasuzumiremo munthu, ngakhale amuna anga. Mlendoyu anene zomwe zilimo. Akalakwa, ndimuthamangitsa ndekha."

Mkulu uja anamwetulira. "Muli ndalama za zilumba ziwiri. Zoyamba ndi za ku Komoro, kumene ndinkasoka maukonde. Ina ili ndi ngalawa ndi nsomba. Zotsatira ndi za ku Madagasika, zili ndi mutu wa ng'ombe ya nyanga zazitali. Iliyonse ndinaicheka katatu m'mbali."

A Shehe anatsegula chitini, n'kukhuthulira pamkeka. Anatola imodzi, anaitembenuza, n'kupapasa m'mbali ndi chikhadabo. Anatolanso ina. Kenako anavala magalasi.

"Iyi yalembedwa 1977. Tahiru, iwe unati munthuyu anamira liti?"

"Chaka chomwe anathawacho," anayankha Tahiru, mawu atayamba kuchepa.

"Ndiye pansi pa nyanja amasulako ndalama, n'kumazicheka ndi tupa?"

Anthu anafa nacho chiseko. Tahiru thukuta kamukamu, koma mwamuna uja ndi nkhutukumve. Anayesa kutembenuza nkhani.

"Chabwino, zaka zonsezi chuma chake n'chimenechi? Tikapita nazo ku banki pa boma atipatsa makwacha angati?"

"Sakupatsani ngakhale tambala, achimwene," anatero a Abdulhamid mosatekeseka. "Ya ku Komoro anaimangirira ku ndalama ya Afalansa ngati bwato pamtengo. Zaka zonse zija, mafalanga makumi asanu ankagula limodzi la Afalansa. Chaka chathachi chingwe anachitalikitsa, afika makumi asanu ndi awiri kudza asanu, koma bwatolo likadali chimangire. Ya ku Madagasika anaidula chingwe, ngati momwe achitira ndi kwacha yathuyi, ndipo inapita ndi madzi. Zomwe ndinasunga zoti ndibwere nazo zinasungunuka m'miyezi yochepa. Ndafika ndi malaya ndavalawa."

Tonse tinkaudziwa ululu umenewo, poti nafenso mtengo wa shuga unali utatikwerera katatu chaka chimodzi.

"Nanga munkatumiziranji zinthu zosagula kanthu?" anafunsa a Shehe.

"Kalata aboma akanaitsegula, mlongo wanga akanamangidwa. Ndalama yachabe ndani angaifunse? Ndinkangofuna adziwe kuti ndikupumabe."

Apo ndiye ndinalephera kudzigwira. Ndinaimirira, nsalu n'kumanga m'chiuno.

"Tahiru, wamva? Zosagula kanthu zomwezi zagula dimba lako lero! Unadya mpunga wa maliro a munthu wamoyo, mbale ziwiri, ndinkakuwerengera. Udye wina madzulo ano, koma wa chikondwerero!"

A Shehe anandikhazika pansi akuseka. Kenako anagwira dzanja la achimwene n'kunena mokweza kuti onse amve: "Uyu ndi Abdulhamid, mwana wa malemu mayi Safiya. Dimba la ku Chia ndi lake. Alihamudulila."

Azimayi anaimba nthungululu mpaka a m'nyumba zapafupi anatuluka. Tahiru anabwera chogwetsa nkhope kudzapereka moni kwa mkulu wake, ndipo achimwene anamukumbatira. Ine ndekha sindikanatero msanga, ndisaname.

M'mawa mwake tinapita ku Chia. Achimwene anavula nsapato, analowa m'matope, n'kuyenda malire onse a dimba popanda wowalozera. Pomwe Tahiru anasunthira malire, anaima n'kupaloza ndi phazi. Pobwerera tinadzera kumanda. Anagwada pamanda a amayi.

"Anamwalira akuganiza kuti ndinafa?"

"Ayi, achimwene," ndinatero. "Tsiku lawo lomaliza ndinawafumbatitsa ya ngalawa ija. Anapapasa mizere itatu, n'kumwetulira."

Apo ndiye ndinalira zenizeni.